Mphatso yabwino imadyetsa makomo awiri

Disembala akafika pakati, misika ya Liwonde, Ntaja, Nsanama, Ulongwe, Phalula ndi Balaka imasintha nkhope. Magulu a banki mkhonde amakhala akugawana zomwe asonkha chaka chonse, achibale a ku Joni atumiza kangachepe pa Mukuru, ndipo ana a m'tauni ayamba kutsika m'maminibasi kudzaona makolo. Kwa masabata awiri kapena atatu ndalama zimayenda m'manja mwa anthu kuposa nthawi ina iliyonse ya dzinja. Kenaka Januwale amabwera, matumba amauma, ndipo wamalonda amangokhala pabenchi kuingitsa ntchentche.

Gawo lalikulu la ndalama za masabata amenewa limathera pa mphatso. Kuno mphatso sikhala bokosi lokutidwa ndi pepala lonyezimira. Ndi chitenje cha mayi, malaya a mwana, shuga ndi buledi wopita kwa apongozi, mpunga ndi nkhuku ya tsiku la Khirisimasi, ndi kandalama ka ana omwe amazungulira m'makomo kupempha Khirisimasi bokosi. Wolemera ndi wosauka yemwe amayesetsa kuti asafike kwawo chimanjamanja.

Funso lomwe wamalonda aliyense ayenera kudzifunsa ndi lakuti ndalama zimenezi zikachoka m'thumba la wogula zimakagona kuti. Mphatso yosankhidwa bwino imadyetsa makomo awiri: khomo la wolandira, yemwe aigwiritsa ntchito mpaka m'miyezi ya njala, ndi khomo la yemwe anaipanga kapena kuilima. Mphatso yosankhidwa mwachisawawa imasangalatsa tsiku limodzi, ndalama yake n'kuwoloka malire osabwereranso.

Ulendo wa ndalama

Mwachitsanzo, bambo wina atatenga K40,000 n'kugula kawailesi ka pulasitiki, tizidole ta mabatire ndi timagetsi tothwanima, zonse zochokera kunja, wogulitsa pabenchi amatsala ndi kaphindu ka pamwamba basi. Zotsalazo amapita nazo ku Limbe kapena ku Lilongwe kukaoda katundu wina. Mwini holoselo naye amazisandutsa madola kuti alipire fakitale ya kutsidya kwa nyanja. Pasanathe sabata, ndalamazo zilibenso fungo la Machinga kapena Balaka.

Bambo yemweyo atagula mpunga wa ku sikimu ya Domasi, botolo la uchi, nkhuku yachikuda ndi dengu lonyamulira zonsezi, K40,000 yomweyo imayenda ulendo wina. Mlimi wa mpunga amalipira waganyu wopalira, poti ino ndi nthawi yopalira. Mwini chigayo chopunthira mpunga amapezapo yake, wakabaza yemwe ananyamula thumba amapezaponso yake. Mayi woluka madengu amagula sopo ndi mchere pa okala, tomato ndi usipa pamsika. Mapeto ake ndalama ija imabwerera pabenchi la venda, mwina kawiri kapena katatu isanatuluke m'boma.

Kale nkhaniyi inkaoneka ngati ya anthu ophunzira za chuma. Lero aliyense wogulitsa katundu wakunja akuidziwa pamsana pake. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Kusowa kwa ndalama zakunja kwachititsa kuti mtengo wooda uzisintha wamalonda asanamalize kugulitsa katundu wa ulendo watha. Amagulitsa zonse, kuwerenga ndalama n'kuona ngati wapindula, koma akafika kooda amapeza kuti ndalamazo sizikugulanso katoni yomwe inagula mwezi watha. Mpamba umadyeka mwakachetechete. Bango, mlaza, nsungwi, dothi la mtapo ndi njuchi sizidikira dola.

Msika wake uliponso. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 735,438 m'boma la Machinga ndi 438,379 m'boma la Balaka, lomwe linali mbali ya Machinga mpaka 1998. Anthu oposa miliyoni imodzi, olumikizidwa ndi msewu, njanji yopita ku Nayuchi ndi maukwati, si msika wochepa. Vuto ndi lakuti ambiri mwa iwo anazolowera kuganiza kuti chinthu chimasanduka mphatso pokhapokha chikachokera kutali.

Ayambe ndi amalonda eni ake

Madandaulo a m'misika ndi odziwika: makasitomala akuthawira m'mashopu akuluakulu, anthu sakonda zakwawo, amanenerera mtengo wa lichero mpaka misozi koma m'shopu amalipira osafunsa. Zonsezi n'zoona. Koma pali chinthu chimodzi chomwe amalonda sakonda kuchitchula. Tsiku logawana ku banki mkhonde likafika, mayi wogulitsa chiponde naye amakwera minibasi kukagula mphatso za ana ake m'shopu yomweyo yomwe amaidandaula. Kalipentala amagulira mkazi wake mipando ya pulasitiki. Telala amagulira mwana wake diresi yosokedwa kunja, makina ali phee pakhonde.

Pamsika ngati wa Balaka kapena wa Liwonde, amalonda ndi mabanja awo ndi gulu lalikulu la ogula. Atati onse agwirizane kuti theka lokha la ndalama za mphatso lithere pamabenchi a anzawo, kusintha kungaoneke sabata yomweyo, popanda kudikira nduna kapena bungwe. Kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana. Wogulitsa mpunga akagula ndowa kwa wokhoma zidebe, wokhoma zidebeyo sadzapita kwina pofuna mpunga.

Mayeso a Januwale

Kugula zakwanu pakokha sikukwanira. Mphatso iyeneranso kukhala yoganiziridwa, ndipo njira yosavuta yoiyesera ndi kufunsa ngati idzakhala ikugwirabe ntchito pa 31 Januwale. Maboma awiriwa amadziwa njala ya Januwale ndi Febuluwale. Anali m'gulu la maboma 23 omwe Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza pa 23 Malichi 2024 kuti agwa m'ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño, chaka chimodzi chokha chidutsireni namondwe Freddy. M'dera lotere, kupatsa gogo kanthu kothwanima komwe kafa batire likatha n'kumuseka.

Zinthu zopambana mayesowa zili mbwee m'misika yomweyi. Mpunga wa m'madambo a Chilwa, monga faya, ukasungidwa pouma umafika mpaka masika. Chiponde, nsinjiro, nandolo ndi malambe siziwonongeka msanga ndipo zimathandiza ana. Uchi ulipo, makamaka m'midzi yozungulira nkhalango ya Liwonde National Park, komwe bungwe la African Parks, lomwe linayamba kuyendetsa nkhalangoyi mu 2015, lakhala likulimbikitsa ulimi wa njuchi ndi wa tsabola. Mng'oma umafuna mtengo wamoyo, choncho wogula uchi amathandiza kuti mtengo usagwetsedwe.

Mbaula ya chitetezo ndi mphatso ina yomwe anthu amaiderera. Magulu a amayi ku Balaka akhala akuumba mbaulazi kwa zaka zambiri kuchokera ku dothi la komweko. Imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu, utsi umachepa, ndipo mayi kapena mtsikana amachepetsa maulendo a kutchire. M'nyengo ya mvula, nkhuni zouma zikamasowa, wolandira amakumbukira wopereka tsiku ndi tsiku. Wogula aigogode pang'ono: yowotchedwa bwino imalira ngati mphika wabwino, yaming'alu imalira mogontha.

Mbande ya mtengo wa zipatso imagwa pa nthawi yake yeniyeni, chifukwa nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Mango omezanitsa amayamba kubereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi. Mwana wopatsidwa mbande ali Sitandade 4 adzakhala akugulitsa mango ake akamalemba mayeso a Sitandade 8. Koma ku Balaka kuli mbuzi, ndiye wopereka mbande aperekenso thandizo lomangira kampanda.

Pa ziweto napo pali kusiyana. Tambala amadyedwa pa 25 Disembala n'kuiwalika. Msoti wa nkhuku yachikuda umaikira, kufungatira, ndipo pofika Epulo pakhomo pamakhala anapiye. Ofuna kupereka nkhuku afunse ngati inalandira katemera wa chitopa, uja wodonthezera m'diso, kuopa kunyamulira m'bale wawo matenda omwe angasese khola lonse. Kwa omwe thumba likulola, mbuzi yaikazi ndi banki yoyenda ndi miyendo inayi.

Amisiri nawo ali ndi zawo. Yunifolomu yosokedwa ndi telala wa pamsika imachotsa mtolo pamutu pa kholo teremu ikamatsegulidwa mu Januwale. Kheni yothirira ya wokhoma zidebe imadikira dimba la m'chilimwe. Katebulo kowerengera ka kalipentala kamatumikira ana onse a pakhomo motsatizana. Mphasa ya bango, mkeka wa mlaza, lichero ndi dengu la nsungwi, monga zomwe zimayalidwa m'mbali mwa msewu wa Liwonde kupita ku Mangochi, ndi zinthu zomwe nyumba iliyonse imafuna, ndipo zikatha zimawola n'kubwerera kunthaka osatseka ngalande.

Palinso mphatso yosanyamulika m'manja. Njinga ya malume yomwe yakhala chikhalire chifukwa cha tcheni ndi matayala, foni ya azakhali yosweka galasi, denga la agogo lodontha, nsapato za mwana zong'ambika soli: kulipira mmisiri wa pamsika kuti akonze zimenezi ndi mphatso yomwe pafupifupi ndalama yonse imatsala m'deralo. Imasonyezanso kuti woperekayo anayang'ana moyo wa m'bale wake asanatulutse ndalama.

Si chakwanu chilichonse chomwe chili chabwino

Apa pafunika kunena mosapsatira. Thumba la makala ochokera m'nkhalango yotetezedwa ya Liwonde ndi lakomweko, ndipo wowotcha wake ndi munthu wosauka wofuna kudyetsa ana. Koma mapiri a Machinga akayera, mitsinje yomwe imathirira mpunga kumunsi imauma m'chilimwe n'kusefukira m'dzinja. Wogula thumbalo ngati mphatso wapatsa m'bale wake moto wa mwezi umodzi n'kumulanda madzi a zaka zambiri. Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwanso mu 2020, moti thumbalo likhoza kuthera pa rodibuloko limodzi ndi mwini wake.

Nsomba nazo n'chimodzimodzi. Matemba a ku Chilwa ndi ndiwo yomwe aliyense amailandira ndi manja awiri, koma nyengo ya zikondwerero imakumana ndi nthawi yomwe nsomba zimaswana ndipo makoka amaletsedwa. Nyanja yomwe inaphwa mu 1995 n'kutsala pang'ono kutheratu mu 2018 siyofunika kuikokolola ndi maneti a udzudzu. Wamalonda wanzeru amasunga matemba ouma bwino nyanja isanatsekedwe, ndipo wogula wanzeru amakana tinsomba tating'onoting'ono tomwe sitinafike pokolola. Nyama ya m'tchire yochokera m'paki ndiye siyofunika n'kuikambirana komwe.

Kenaka pali jumbo. Malamulo oletsa mapepala apulasitiki opyapyala, osakwana ma micron 60, anakhazikitsidwa mu 2015 ndipo khothi lalikulu la apilo linawavomereza mu 2019, koma pa 26 Disembala misika imadzuka itavala majumbo ngati maluwa. Mbuzi zimadya, ngalande zimatsekeka, madzi amalowa m'mashopu. Mphatso yoikidwa m'dengu kapena yomangidwa m'chitenje ili ndi phukusi lomwe nalonso ndi mphatso.

Zonena za mbali ina

Wogulitsa kaunjika ku Ntaja kapena wa zidole ku Balaka akhoza kufunsa kuti: kodi iyeyo si wamalonda wamng'ono wakomweko? Funsoli n'lomveka. Naye amadula tikiti ya khonsolo tsiku lililonse, naye ali ndi ana asukulu, ndipo Disembala ndiye masika ake. Palibe akunena kuti anthu amunyanyale. Nkhani ili pa kusanja. Choyamba ndi chinthu chopangidwa kapena kulimidwa komweko n'kugulitsidwa komweko. Chachiwiri ndi chopangidwa m'Malawi, monga nsalu ya ku Mapeto ku Blantyre, sopo, tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje kapena shuga wa ku Nchalo, chogulidwa pa golosale ya m'deralo. Chachitatu ndi chakunja chogulidwa kwa venda wa pamsika, chifukwa phindu lake limagonabe m'mudzi. Chomaliza ndi chakunja chogulidwa kutali, komwe dera silinyambitako kalikonse.

Ndipo wa kaunjika yemweyo akudziwa kuwawa kodalira dola. Mu Febuluwale 2025 mavenda a kaunjika anachita zionetsero ku Lilongwe mpaka kukafika ku Nyumba ya Malamulo chifukwa mtengo wa belo unkangokwera. Mtengo wa belo suikidwa ku Ntaja. Wamalonda yemwe pambali pa mulu wa zovala waikapo madengu, mipini kapena mabotolo a chiponde ali ndi mwendo wachiwiri woimira belo likakwera. Akhozanso kugwirizana ndi telala kuti zovala zazikulu kapena zong'ambika pang'ono zizisokedwanso kukhala za ana, m'malo mozigulitsa motaya.

Ena amati zakomweko sizitsika mtengo. Nthawi zina n'zoona: beseni la pulasitiki likhoza kutsika mtengo kuposa ndowa yokhoma. Koma mtengo weniweni wa chinthu umadziwika powerenga miyezi yomwe chatumikira. Ndowa ikabooka imapita kwa mmisiri n'kubwerako yamoyo. Beseni likang'aluka padzuwa la ku Phalula, ulendo wake wathera kudzala.

Ena amati ana amafuna zonyezimira, ndipo kholo lomwe lafika ndi mbande ya mango m'malo mwa chidole lidzaona nkhope zakugwa. Izinso n'zoona, ndipo Khirisimasi si msonkhano wa alangizi a zaulimi. Mwana alandire baluni yake, Fanta wake ndi bisiketi. Chofunika n'chakuti zonyezimirazo zikhale ndiwo, osati nsima.

Chovuta kwambiri ndi manyazi. Mwana wa m'tauni amaopa kuti akafika ndi mphasa adzanenedwa kuti zinthu sizikumuyendera. Maganizo amenewa ndi omwe amalemeretsa mafakitale akutali. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makolo ambiri akumudzi amadziwa kusiyanitsa mwana yemwe wabweretsa zoonetsera anthu ndi yemwe wabweretsa zothandiza pakhomo, ngakhale sanena.

Ntchito ya wogulitsa

Wogula sangakakamizidwe kukonda zakwawo chifukwa cha chisoni. Wamalonda ayenera kumupatsa chifukwa, ndipo apa ndi pomwe ambiri amadzipha okha.

Chinyengo ndiye mdani woyamba. Uchi wothira madzi a shuga, mpunga wosakaniza ndi woswekasweka pansi pa thumba, chiponde chowonjezera ufa, mbale yoyezera yokhomedwa pansi, sikelo yotembenuzidwa: zonsezi zimabweretsa phindu la tsiku limodzi. Koma mphatso ili ndi mboni ziwiri. Wolandira akapeza miyala mumpunga, wochita manyazi ndi wopereka, ndipo munthu wochititsidwa manyazi pamaso pa apongozi ake sabwereranso. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Wachiwiri ndi kukweza mitengo dala poona kuti anthu ali ndi ndalama. Mtengo ukakwera chifukwa kooda kwakwera kapena thiransipoti yakwera, wogula amamvetsa akauzidwa. Koma ukakwera chifukwa wogulayo watsika m'galimoto kapena wavala za ku Joni, nkhani imafika m'mudzi monse dzuwa lisanalowe. Kulemba mtengo pakatoni n'kuuika poonekera kumachotsa mantha a mlendo, ndipo kabasela kakang'ono kamagwira kasitomala kuposa kunenerera kwa theka la ola.

Wachitatu ndi nthawi. Telala yemwe amalandira nsalu makumi atatu pomwe mphamvu zake ndi za khumi ndi zisanu amakhala akubisala kuseri kwa shopu pa 24 Disembala. Diresi ya Khirisimasi yoperekedwa pa 28 ndi mlandu, si malonda. Mmisiri awerenge masiku, aganizirenso za kuzimazima kwa magetsi ngati ntchito yake imawadalira, alembe dzina, muyeso, dipoziti ndi tsiku lotenga m'kope, ndipo malo akadzaza anene kuti adzaza, n'kulozera kasitomala kwa mnzake. Dipoziti ikwane kugulira zipangizo kuti mpamba usamangike pa katundu yemwe mwini wake sadzabwera.

Chomwe chimasowa kwambiri m'misika ya kuno ndi kuphatikiza katundu. Munthu wotsika minibasi pa Liwonde ali ndi mphindi zochepa ndipo sangazungulire msika wonse m'matope kufunafuna mpunga uku, uchi uko, dengu kwina. Amalonda anayi kapena asanu akhoza kugwirizana kukonza madengu odzaza kale, la mtengo wotsika, lapakati ndi lapamwamba, aliyense n'kulembetsa katundu wake ndi mtengo wake m'kope limodzi, ndalama n'kumagawana madzulo aliwonse, osati kumapeto kwa mwezi. Mutu umodzi susenza denga, koma mgwirizano wopanda kope umathera kwa amfumu.

Maonekedwe nawo ndi malonda. Uchi wabwino woikidwa m'botolo lakale lonunkha mowa umaoneka ngati mankhwala a asing'anga. Botolo loyera, chotsekera chatsopano ndi kapepala kolembapo dzina la katundu, komwe wachokera, tsiku lopangidwa ndi nambala ya foni, zimasintha chinthu chomwecho kukhala mphatso. Kapepalako kamagwiranso ntchito ina: wolandira ku Zomba kapena ku Blantyre akaukonda uchiwo, amadziwa koimba. Ofuna kuti katundu wawo adzafike m'mashopu akuluakulu ayambiretu kufunsa za chiphaso cha bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards, ndipo gulu kapena kopaletivu imakwanitsa zimenezi mosavuta kuposa munthu payekha.

Kasitomala wa ku Joni

Mabanja ambiri a ku Machinga ndi Balaka ali ndi mwana, mwamuna kapena mlongo ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town. Ambiri sabwera chaka chilichonse. Amatumiza katundu pa mabasi ndi ma thiransipota, kulipira ndalama zambiri zonyamulira, nthawi zina pa zinthu zomwe zikupezeka pa Nsanama pomwepo. Ena amatumiza ndalama koma amadandaula kuti sizigwira ntchito yomwe anafuna.

Apa pali msika womwe wamalonda wokhulupirika angautenge ndi foni yokha. Ajambule katundu wake masana powala, aike zithunzi ndi mitengo pa WhatsApp, alandire ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, akapereke katunduyo kwa mayi ake a kasitomala, n'kutumiza chithunzi chosonyeza kuti wafika. Mnyamata wa ku Joni yemwe waona mayi ake atakhala pa mphasa yatsopano, thumba la mpunga lili pambali, adzaitanitsanso mwezi wamawa ndipo adzauza anzake a m'nyumba yomwe amagona. Zinthu ziwiri zofunika kusamala: mtengo uphatikize ndalama yodula potapa kwa ejenti, ndipo katundu asachoke pabenchi wamalonda asanaone yekha kuti ndalama zalowadi mu akaunti yake. Akuba a mauthenga abodza nawonso amakolola mu Disembala.

Ngongole nayo isaiwalike. Kutenga katapila kuti uwonjezere katundu wa Khirisimasi ndi juga, makamaka pa zinthu zowola kapena zomwe pa 2 Januwale palibe wozifuna. Ubwino wa mpunga, uchi, madengu ndi mbaula ndi woti zikatsala zimagulitsidwabe m'miyezi yotsatira. Timagetsi tothwanima tikatsala, mpamba umagona m'katoni miyezi khumi ndi umodzi. Ndipo wofuna kutenga mphatso pangongole kuti adzalipire malipiro a Januwale akatuluka, ayankhidwe mwaulemu koma mosazengereza.

Chaka chili ndi zikondwerero zambiri

Wamalonda yemwe amangoyang'ana pa 25 Disembala akutaya theka la msika wake. Anthu ambiri a ku Machinga ndi gawo lalikulu la a ku Balaka ndi Asilamu, ndipo Eid ziwiri zija zimabweretsa zovala zatsopano, mpunga, mbuzi ndi kuyenderana. Masiku ake amasuntha chaka ndi chaka, kubwera mofulumirirapo ndi masiku khumi kapena khumi ndi limodzi, choncho ayenera kutsatidwa pa kalendala. Wogulitsa nyama kapena zophikaphika aonetsetse kuti ndi za halaal ngati akufuna makasitomala a mbali zonse. Pa 15 Okutobala pali Tsiku la Anakubala. M'chilimwe muli maukwati, zinkhoswe ndi ana otuluka ku zinamwali. Dengu lomwe layenda bwino pa Khirisimasi likhoza kuyenda pa zonsezi, kungosintha zam'kati.

Boma nalo lakhala likulankhula. Pa 18 Malichi 2016 Pulezidenti Peter Mutharika anakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi yolimbikitsa kugula katundu wa m'dziko muno. Mu Malichi 2025 unduna wa zamalonda unalengeza zoletsa kuitanitsa kunja zinthu monga mpunga, uchi, chiponde ndi mipando yamatabwa, zomwe zinadzetsa mkangano ndi dziko la Tanzania mwezi wotsatira. Malamulo otere akhoza kutsegula mpata, koma satola miyala mumpunga ndipo satsuka botolo. Makhonsolo omwe amatolera ndalama za matikiti tsiku ndi tsiku angathandize kwambiri pokonza mashedi, zimbudzi ndi ngalande, ndi kupatula malo oonekera pafupi ndi siteji kuti amisiri ndi alimi ayalepo katundu wawo m'masabata a zikondwerero. Makomiti a misika ali ndi pakamwa popemphera zimenezi, ndipo nthawi yopempha ndi Okutobala, osati pa 20 Disembala.

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Mawuwa amanena za wolandira, yemwe tsiku lina adzabweza. Koma pamsika ali ndi tanthauzo lachiwiri. Ndalama yomwe venda wa tomato wapereka kwa woluka madengu pa 23 Disembala sinatayike. Yaikidwa. Pakati pa Januwale, msika uli zii, mvula ikugwa, woluka madengu uja ndi yemwe adzaime pabenchi kufunsa mtengo wa mulu wa tomato, chifukwa ndi iye yemwe watsala ndi kanthu m'thumba.